Ayankha ndi Agogo

Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Makolo athu anabwera nawo mwambo umenewu powoloka malire kuchokera ku Mozambiki, anakhala nawo ku Phalombe, ndipo ife tinakwera nawo basi mpaka ku Blantyre. Mwamuna amabereka, amaveka, amapititsa mwana kusukulu, koma zinthu zikavuta mawu omaliza amakhala a malume wa mkaziyo, mwini mbumba. M'banja lathu mwini mbumba ndine. Udindowu sindinaupemphe. Mkulu wanga atamwalira unangondigwera, ine ndikadali wosenza matumba pa fakitale ina ku Makata, wosadziwa kulemba ngakhale dzina langa.

Ndili ndi mchemwali mmodzi. Amakhala ku Bangwe ndipo amagulitsa tomato pamsika. Anabereka mwana mmodzi yekha, wamkazi. Banja la mchemwali wangayu litatha, ndine ndinagamula kuti mwanayo akhale ndi mayi ake ndipo bambo ake asapondenso pakhomo. Bamboyo ankabwera pageti la fakitale nthawi yoweruka, chipewa chili m'manja, kupempha kuti angomuona mwana wake. Ine ndinkamudutsa. Kenako anasiya kubwera, tinamva kuti wapita ku Joni. Mwana uja anakula osatchulapo za bambo ake, ndipo ine ndinkati nkhaniyo inatha bwino.

Atakula anakwatiwa ndi mnyamata wowotcherera zitsulo ku Chirimba, munthu wosalankhulalankhula, wa zipsera za moto m'manja monse. Anamanga kanyumba kawo ku Machinjiri ndipo anabereka mtsikana. Mtsikana ameneyu, mdzukulu wanga, ndiye amene ndikufuna kunena za iye.

Anali Sitandade 6 pamene mayi ake anamwalira. Sanadwale nthawi yaitali. Inali nyengo ya mvula, ndipo ndimakumbukira matope a kumanda amene anandivula nsapato. M'mawa mwake abale a mbali zonse tinakhala pansi pa tenti panja pa nyumba ya ku Machinjiri kuti tikambirane zotsalira. Itafika nkhani ya mwana ndinaima, ndinatsokomola, ndipo ndinanena zimene aliyense ankadziwa kale kuti ndinena: mwana apita ku Bangwe kwa agogo ake aakazi.

Mkamwini uja anaimirira. Maso anali ofiira.

"Amalume, mwanayu sanasiyidwe yekha ayi. Ine ndilipo."

Anthu anayang'anana. Malume wake weniweni, mdala wa ku Chiradzulu amene mwambo wawo ndi womwewu, anamukoka jekete.

"Khala pansi iwe. Ukutichititsa manyazi pakati pa anthu."

Anakhala pansi. Mtsikanayo nthawi yonseyi anali kuseri kwa nyumba, akutsuka mbale zimene tinabwereka kutchalitchi. Palibe anamuitana. Madzulo asanafike zovala zake zinali m'chikwama, ndipo ine ndemwe ndinanyamula chikwamacho mpaka pa siteji.

Ku Bangwe sanavute. Ankadzuka m'mawa, kusesa, kutunga madzi, kupita kusukulu yatsopano, kubwerera. Mchemwali wanga ankamutama kwa aliyense wodzagula tomato kuti mwana wotere simungamupeze m'tauni muno, sayankha, salira, sapempha kanthu. Ine ndikapita kukawaona kuchokera ku Ndirande ankandigwadira, kundipatsa moni, n'kuzimiririka. Ndinkabwerera mtima uli m'malo.

Bambo ake ankabwera Lamlungu atanyamula shuga ndi sopo. Mchemwali wanga ankamulandirira pakhonde. Mwana akangopereka moni ankatumidwa kukagula mchere kapena kukatunga madzi amene anali odzaza kale mumgolo. Ankhoswe anakumana kangapo, koma ine sindinasunthe. Ndinkati mnyamatayu akwatiranso, ndipo mdzukulu wanga sangakaleredwe ndi mayi womupeza ife tikadali moyo. Ndikunena zoona, mantha amenewa ndinali nawo. Sikunali kuuma mtima kokha.

Tsiku lina mchemwali wanga anafika ku Ndirande atamanga chitenje mokhota, thukuta lili kamukamu, pepala lili m'manja.

"Achimwene, tawerengani. Si inu munapita kusukulu muli ndi imvi?"

Ankandiseka nazo nthawi zonse zimenezi. Ndinaphunzira kuwerenga nditapuma kale ntchito, kusukulu ya kwacha ya kutchalitchi kwathu, mwamuna ndekha pakati pa azimayi. Ndinavala magalasi, ndinayendetsa chala pamizere pang'onopang'ono. Chinali chisamani cha kukhoti. Mkamwini ankapempha kuti mwana wake abwerere kwa iye.

"Watisumira?" anatero mchemwali wanga. "Mkamwini kusumira apongozi ake? Dziko latha, achimwene. Kuwotcherera kwamuwotcha mutu ameneyu."

Tsiku la mlandu lisanafike kunabwera mayi wina wa ku ofesi yoona za chisamaliro cha ana. Anati khoti lamutuma kuti adzaone mmene mwana akukhalira. Anaona pogona pake, anaona makope ake, kenako anapempha kuti alankhule naye. Tinamuitana mwanayo, anagwada pafupi ndi chitseko. Ine ndinakhala pampando, mchemwali wanga anakhala pamphasa akusankha nyemba.

"Sukulu yatsopano ukuiona bwanji?" anafunsa mayiyo.

"Ndi yabwino kwambiri," ndinayankha ine. "Ili pafupi."

"Bambo, ndafunsa mwanayu."

"Ndi mwana, mayi. Angadziwe chiyani?"

Mayiyo anandifotokozera mofatsa. Anati pa nkhani ngati iyi khoti silifunsa kuti mwana ndi wa ndani ngati mmene lingafunsire za mbuzi kapena njinga. Limafunsa kuti chimene chimukomere mwanayo n'chiyani. Anati bambo ndi kholo pamaso pa lamulo, ali ndi udindo wolera mwana wake ngakhale mayi atamwalira. Anatinso mwana wa msinkhu woti atha kufotokoza maganizo ake ali ndi ufulu woti amvedwe, ndipo woweruza adzafuna kumva kuchokera pakamwa pake. Ndinagwedeza mutu ngati mmene timachitira ulaliki ukatalika. Mawu onse ndinawamva, koma ndinawamva mwanjira yanga.

Atachoka, ine ndi mchemwali wanga tinakhala pansi kuganiza. Ngati woweruza akufuna kuona chimene chikumukomera mwana, ndiye tikamuonetse mwana woleredwa bwino. Ndipo mwana woleredwa bwino tonse tinkamudziwa: amagwada, amayang'ana pansi, salowerera nkhani za akulu. Tinagwirizana kuti woweruza akakaona ulemu wa mwanayu akadziwa yekha kuti ali m'manja oyenera, ndipo mlandu ukathera pomwepo. Tinali otsimikiza. Ndinafika pomumvera chisoni mkamwini.

Dzulo lake la mlandu, masana, tinamuphunzitsa. Mchemwali wanga anatembenuza ndowa n'kukhalapo, anaponya chitenje chakuda pamapewa, anagwira mthiko ngati ndodo.

"Ine ndine woweruza. Lowa."

Mwana analowa, anagwada.

"Osandiyang'ana m'maso! Ndine mnzako ine? Tayambanso. Eya, choncho. Tsopano ndikufunsa: iwe mwana, ukufuna chiyani?"

Mwana anangoweramitsa mutu.

"Ukangokhala duu adzati ndiwe wamwano. Unene kuti, ayankha ndi agogo. Tanena."

"Ayankha ndi agogo."

"Mokweza pang'ono, woweruza akhoza kukhala wogontha ngati agogo akowa."

"Ayankha ndi agogo."

Ndinaseka, mchemwali wanga anaseka mpaka ndowa inapendekeka. Mwanayo sanaseke. Ndinaganiza kuti nawonso ndi ulemu.

M'mawa wa tsiku la mlandu mchemwali wanga anatulutsa chitenje chake chatsopano, chobiriwira cha maluwa oyera, chimene ankasungira zikondwerero za kutchalitchi. Anamumanga nacho mwanayo pamwamba pa diresi kuti akagwade bwino. Ine ndinavala jekete yanga ya maliro ndi maukwati.

Ndinkayembekeza holo yaikulu yodzaza anthu, ngati makhoti amene timamva pa wailesi. Anatilowetsa m'chipinda chaching'ono. Kalaliki anati nkhani za ana sizikambidwa pagulu, ndipo anatseka chitseko. Woweruza anali mayi wachitsikana, wamng'ono kuposa malemu uja, atakhala kuseri kwa tebulo wamba. Mayi wa zachisamaliro uja analiponso. Mkamwini anabwera yekha, wopanda loya, atavala shati yoyera imene inkaoneka kuti waisita yekha, chifukwa kolala inali yopsa pang'ono.

Analankhula iye poyamba. Sanatinyoze. Anati ali ndi nyumba, ali ndi ntchito, mwana anabadwira momwemo ndipo sukulu yake ndi anzake ali komweko. Anati wataya mkazi, ndipo sakumvetsa chifukwa chake ayenera kutayanso mwana.

Kenako ndinaima ine. Ndinali nditakonzeka. Ndinafotokoza za mbumba, za udindo wa malume, za mmene makolo athu ankatetezera ana kuti asazunzike m'manja mwa alendo. Ndinalankhula bwino tsiku limenelo, ndipo woweruza sanandidule. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kundithokoza.

Kenako anatembenukira kwa mwana. Mdzukulu wanga anatsika pabenchi, anakonza chitenje, anagwada pasimenti, maso pansi, manja pamiyendo. Mchemwali wanga ananditsina pachigongono.

"Dzuka mwanawe, khala pampando apa," anatero woweruza.

Mwana sanasunthe.

"Chabwino, khala mmene wamasukira. Tandiuza, uli sitandade chani?"

"Ayankha ndi agogo."

Woweruza anamwetulira pang'ono. "Nanga m'mawa uno wadya chiyani?"

"Ayankha ndi agogo."

Ndinamva kunyada kukukwera m'chifuwa. Ndinayang'ana mkamwini kuti ndione ngati waona. Iye anali ataphimba nkhope ndi manja.

Woweruza anaika cholembera pansi.

"Chabwino. Agogo, yankhani ndinu. Ali sitandade chani?"

"Sikisi, wolemekezeka."

"Amakonda phunziro lanji?"

Ndinayang'ana mchemwali wanga. Iye anayang'ana kudenga.

"Onse amawakonda," ndinatero.

"Mnzake wapamtima ku Bangwe ndani?"

Ndinayang'ana pansi.

"Akakumbukira mayi ake amauza ndani?"

Panja wina ankatsatsa nthochi.

"Kodi chimwalirire mayi ake, alipo mwa inu amene anamufunsapo kumene akufuna kukhala?"

"Wolemekezeka, kwathu mwana safunsidwa."

"Ndamva, agogo. Kuno amafunsidwa. Ndikupempha nonse mutuluke. Atsale mwana ndi mayi awa."

Mchemwali wanga anafuna kutsutsa, koma kalaliki anali atatsegula kale chitseko. Potuluka ndinacheuka. Woweruza anali atachoka kuseri kwa tebulo, akuvula nsapato zake zazitali, akukhala pansi pasimenti pafupi ndi mwanayo.

Panja panali benchi imodzi yokha. Mchemwali wanga anakana kukhala pamodzi ndi mkamwini, anakaima pansi pa mtengo atapinda manja. Miyendo yanga siilola kuima nthawi yaitali, choncho ndinakhala kumapeto kwa benchi, iye kumapeto kwinako. Kenako anatulutsa mtedza wophika m'thumba, anauika pakati pathu.

"Tengani, amalume. Achedwa umu."

Sindinatenge.

"Masamu," anatero patapita kanthawi, akuyang'ana nsapato zake.

"Chiyani?"

"Amakonda masamu. Ndikamayeza zitsulo za mawindo amandiwerengera ndi iyeyo, ndipo akandipeza ndalakwitsa amandiseka tsiku lonse. Amaseka kwambiri mwana uja, amalume. Mwina simunamumvepo."

Sindinamumvepo. Ndinayesa kukumbukira kuseka kwake, ndinangopeza mutu wowerama ndi mawu a moni.

"Ine sindikufuna kumulanda kwa agogo ake," anapitiriza. "Ndinawauza ankhoswe, koma mwina sanakufikitsireni. Ndimangofuna asakule akuganiza kuti ndinamusiya osalimbana. Malemu tikapita ku Makata kukagula zitsulo ankaima pageti la fakitale yanu ija. Ankangoima pang'ono, kenako tizipita. Anandiuza kuti ndi pamene bambo ake ankaima."

Sananene mondibaya. Anangonena, n'kuyamba kusenda mtedza. Ine ndinatenga umodzi, ndinaugwira m'manja, osausenda.

Atatiitananso tinapeza mwana atakhala pampando, maso otupa, akumwa madzi m'kapu ya woweruza. Chigamulo sichinatalike. Woweruza anati mwana akakhala ndi bambo ake ndipo abwerere kusukulu yake yakale. Tchuthi chilichonse, ndi masiku ena a Loweruka, azikakhala ndi agogo ake ku Bangwe, ndipo pasapezeke womuletsa mbali iliyonse. Anati mawu a mwana si okhawo amene waganizira, waonanso nyumba, sukulu ndi zimene mayi wa zachisamaliro anapeza, choncho wina asamunyamulitse mwanayu katundu wa chigamulochi. Zimene wanena m'chipindamo ndi zake, wina asakamufunse kapena kumukalipira. Kenako anayang'ana ine.

"Agogo, lamulo silikukuchotsani pa umalume wanu. Mwanayu akufunika malume. Koma bambo ake si mlendo."

Mchemwali wanga sanamve zonsezi. Anamva chinthu chimodzi chokha. Titafika pa siteji anatembenukira kwa ine.

"Watikana, achimwene. Ndamudyetsa, ndamusambitsa, ndagona naye mphasa imodzi. Atangomutsekera chitseko, watikana."

"Sitikudziwa zimene wanena, achemwali."

"Mukufuna mudziwe chiyani china? Wapita ndi ndani?"

Tsiku lomwelo anaika zovala za mwanayo m'jumbo n'kuziika pakhonde kuti bambo ake adzazipeze panja. Ndinaganiza kuti ndi mkwiyo wa masiku ochepa. Anali atataya mwana wake yekhayo, ndipo mdzukuluyu ndiye anali nkhope ya malemu imene inatsala. Koma tchuthi chitafika, mkamwini anabwera naye mwana ku Bangwe monga khoti linanenera, ndipo anapeza loko pachitseko. Anthu oyandikana nawo anati mayi apita ku Phalombe. Sanapite ku Phalombe. Anali kumsika, atakhala kuseri kwa benchi ya mnzake. Mwanayo anadikira pakhonde ndi chikwama chake mpaka dzuwa linapendeka, kenako anabwerera ku Machinjiri. Tchuthi chinacho zinachitikanso chimodzimodzi. Nditamulankhula mchemwali wanga anandiyankha kuti, "Apite kwa woweruza wakeyo akamuphikire."

Khoti likhoza kulamula kuti mwana asaletsedwe kupita kwa agogo ake. Silingalamule agogo kutsegula chitseko.

Ine ndinatenga nthawi kuti ndipite ku Machinjiri. Ndinkati miyendo, ndinkati mvula, ndinkati minibasi zake n'zodzaza. Chenicheni n'chakuti sindinkadziwa kuti mwini mbumba amalowa bwanji m'nyumba ya mkamwini amene wamugonjetsa. Tsiku lina Loweruka ndinangovala jekete n'kunyamuka.

Mkamwini anandilandira ngati palibe chinachitika. Sanakwatirenso mpaka lero. M'nyumba munali mwaukhondo, ngakhale makatani anali opachikidwa mokhota. Mdzukulu wanga anabwera ndi tiyi, anagwada, anandipatsa moni maso ali pansi. Anali atatalika.

"Khala pampando," ndinatero.

Anayang'ana bambo ake, anayang'ana mpando, n'kukhalabe chogwada. Pamaso pa ine sankadziwa kukhala mwanjira ina, ndipo amene anamuphunzitsa zimenezo anali atakhala pomwepo akumwa tiyi. Ndinafuna kumufunsa kanthu, koma ndinapeza kuti sindidziwa kufunsa mwana funso lofuna yankho. Moyo wanga wonse mafunso anga kwa ana anali akuti wasesa kodi, watseka kodi, ndani waswa ichi.

"Ukukhala bwino?"

"Eya."

"Sukulu?"

"Ili bwino."

Zinathera pomwepo. Nditatsanzika, bambo ake anamuuza kuti andiperekeze ku siteji. Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi kajumbo kakuda. Tinatsika njira ya miyala, iye pambuyo pang'ono, ine patsogolo ndi ndodo yanga. Poyenda panalibe pogwada, panalibenso nkhope yoti aipewe. Mwina n'chifukwa chake zinatheka.

"Ndamva kuti umawapeza bambo ako akalakwitsa masamu," ndinatero ndikuyang'ana njira.

Ndinamva kaphokoso kumbuyo kwanga. Ankayesa kubisa kuseka.

"Amaiwala kuchotsera kunenepa kwa chitsulo, agogo. Ndiye windo limakana kulowa, iwo n'kumati womanga nyumba ndiye wapotoza khoma."

"Ndiye iwe umawauza?"

"Ndimawauza. Amati ndine folomani wawo."

Anali atafika pambali panga tsopano. Anandiuza za mphunzitsi wawo wa masamu amene amagona m'kalasi, za mnzake amene amakhala kuseri kwa chigayo, za galu wa oyandikana nawo amene amadana ndi yunifomu. Mawu ankangotuluka. Ndinachepetsa liwiro kuti siteji isafike msanga.

Titayandikira msewu anasiya kulankhula. Kenako anati, "Agogo aakazi akadakwiyabe?"

"Akadakwiya."

"Akuganiza kuti ndinawakana."

Ndinakumbukira zimene woweruza analamula, choncho sindinafunse kanthu. Ananena yekha.

"Sindinawakane, agogo. Anandifunsa kuti ndikufuna kuti, ine ndinati konse. Ndinati ndikufuna kumagona kwathu kuno chifukwa ndi kumene kuli fungo la amayi, komanso adadi akakhala okha sadya. Koma ndinati ndikufunanso kwa agogo aakazi, chifukwa akamaseka amamveka ngati amayi. Ndinapempha kuti asawakalipire."

Minibasi inaima, kondakitala akukuwa kuti tauni, tauni, madala kwerani malo alipo. Ndinaikwezera dzanja kuti ipite.

Konse. Chinthu chimene mwanayu ankafuna tikanatha kuchikonza pansi pa tenti paja, m'mawa umodzi, popanda chisamani, popanda loko pachitseko. Mkamwini sakanakana. Mchemwali wanga akanadandaula, koma akanazolowera. Panangofunika munthu mmodzi woti apite kuseri kwa nyumba kumene ankatsuka mbale, akhale pansi, amufunse. Tinali akulu odzaza tenti, ndipo zinatengera mayi wachilendo wovula nsapato kuti funsolo lifunsidwe.

Anandipatsa kajumbo kaja.

"Ndi chitenje cha agogo aakazi. Ndinabwera nacho tsiku lija. Ndinkafuna ndikawapatse ndekha."

Sindinabwerere ku Ndirande. Nditafika m'tauni ndinakwera ya ku Limbe, kenako ya ku Bangwe. Mchemwali wanga ndinamupeza pamsika akupanga milu ya tomato. Ataona jekete yanga anati, "Kwafa ndani?"

"Palibe. Ndachokera ku Machinjiri."

Nkhope inauma. Ndinaika kajumbo pabenchi. Anakatsegula ndi zala ziwiri, anatulutsa chitenje chobiriwira chija, chochapidwa, chosita, chopindidwa bwinobwino. Anachigwira kanthawi.

"Wasita yekha?"

"Yekha."

"Mayi ake ankapinda chonchi."

Ndinakhala pa kreti yopanda kanthu ndipo ndinamuuza zonse, mawu ake enieni a mwanayo, za fungo, za kuseka, za kupempha kuti asakalipiridwe. Anamvetsera akusuntha tomato mmodzi kuchoka pa mulu uwu kupita pa uwo, n'kumubwezanso. Wogula wina anafika, anafunsa mtengo, sanayankhidwe, anapita.

"Ndiye bwanji sananene?" anatero pomaliza. "Miyezi yonse ija tikugona limodzi, bwanji sanandiuze?"

"Tinamuuza kuti ayankha ndi agogo."

Anapinda chitenje chija m'mizere yake yomwe ija n'kuchiika pamiyendo, osati m'jumbo. Ndinadikira kuti anene kuti mwana abwere. Sananene. Anangofunsa kuti sukulu atsekera liti, ndipo nditamuuza anagwedeza mutu n'kuyambanso kupanga milu.

Atsekera mwezi wamawa. Mkamwini wati adzabwera naye monga mwa nthawi zonse. Ine ndamuuza kuti asavutike, ndidzamutenga ndekha mwanayo, ndipo tikakapeza loko ndidzakhala naye pakhondepo. Koma ndisanatero ndiyenera kupitanso ku Machinjiri kukamufunsa mwini wakeyo ngati akufunabe kupita.